Atate a Kuseri kwa Katani

Nyumba imene timachita lendi ku Chawama ndi mdadada umodzi wa zipinda, chitseko chilichonse banja lake, ndipo khoma lolekanitsa ine ndi a Edwell silifika kumalata. Amene anamanga akuti mabuloko anawathera. Choncho chilichonse chonenedwa kwawo chimafika kwanga chisanazizire, ndipo nawonso amadziwa tsiku limene ndakazinga mazira. Nkhani iyi sindinachite kuisaka ayi, inkangondigwera pabedi. Ine ndine amake Mwenya, ndimagulitsa zitumbuwa, ndipo ana anga onse anakula n'kundisiya ndi makutu okhaokha.

A Edwell anali kalipentala wokhoma madenga. Chaka chathachi anaterereka padenga la nyumba ya munthu wina ku Chalala, n'kugwera chagada pamulu wa mabuloko. Kuchipatala anawasunga miyezi ingapo, kenako anawabweza kunyumba ndi mawu aja amene madokotala amanena akatopa, akuti zina zonse akudziwa ndi Mulungu. Kuyambira m'chiuno kupita kumapazi thupi silinkamvanso kanthu. Mkazi wawo, Angelina, anagawa chipinda pakati ndi katani yamaluwa. Kuseri kwake kunali bedi ndi wodwala, kuno kunali mipando iwiri, mbaula, ndi mphasa ya mwana wawo mmodzi yekhayo, Mphatso, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Angelina ankachapa zovala za anthu ku Kamwala, kubwerako manja atayera mbuu ndi sopo.

Mphatso anabadwa ndi mphumu. Miyezi yotentha munthu sungadziwe, amathamanga ngati mnzake aliyense, koma Juni akangolowa ndi mphepo yake ija yodutsa m'mipata ya malata, chifuwa cha mwanayo chinkalira ngati kamwana ka mphaka kotsekeredwa m'katoni. Anesi kukiliniki ananena zimene aliyense akudziwa, kuti mwana azifunda. Kunena n'kosavuta. Juzi imene anali nayo inali itamuthawa kale, manja akuthera m'zigongono, ndipo mwezi umenewu ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, amakweza mphuno chifukwa amadziwa kuti tonse tikunjenjemera. Angelina anali atazungulira misika mpaka waukulu uja wa Soweto, kugwira majekete, kufunsa mtengo, n'kuwabwezera pamulu.

Mkati mwa kuzizira komweko kunagwa maliro ku Kalikiliki. Anamwalira a Chrispin, akulu awo a Edwell. Apa ndiyenera kufotokoza kanthu kena. Bambo wawo wa anthu awiriwa anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito pafakitale ya simenti, ndipo ngakhale anafera kuno, anasiya malamulo ake ali moyo. Limodzi linali lakuti mbale wa bambo ako ndi bambo ako, basi. Za "ankolo" zimene ana a m'tauni amatchula mwamuna aliyense wa ndevu, m'banja limenelo zinalibe malo. Choncho Mphatso kuyambira ali kumsana ankati atate kwa a Edwell, atate kwa a Chrispin, ndipo sankaona chovuta. A Edwell sanathe kupita kukaika m'bale wawo. Anapita Angelina ndi mwana, ndipo maliro atatha azakhali anameta ana onse a pabanjapo mpala, monga amachitira kwawo. Mphatso anabwerako kamutu kakuwala, makutu ali poyera, kuzizira kukumulowa bwino kuposa kale.

Sabata yotsatira kunabwera a mishoni ya Dzanja Lotambasula. Anafika ndi lole yodzaza mabelo a zovala zimene Akhristu a kunja anasonkha, n'kuimika pabwalo la tchalitchi kuseri kwa msika. Mnyamata wa chimkuzamawu anazungulira komboni yonse kuitana ana. Ine ndinanyamula beseni langa la zitumbuwa, chifukwa pamene pali mzere wautali pali njala, ndipo ndinakhala pageti pomwe ana ankalowera.

Mizere inali iwiri. Ana amasiye ankalandira jekete yotentha, nsapato ndi bulangeti, poti opereka aja anapereka atauzidwa kuti n'za ana amasiye. Ana ena onse ankalandira malaya amodzi opyapyala, a zithunzi za mipira ya kumaiko kwawo, oti ungavale mu Okutobala. Wosankha ana anali mtsikana wa mishoni dzina lake Luyando, mawu atasasa kale dzuwa lisanafike pamutu. Pambali pake panaima mayi wachizungu wa imvi, wamaso achifundo, amene sankamva Chinyanja koma ankagwedeza mutu pa chilichonse. Ana anali ambiri ngati nyerere, ndiye funso linali limodzi ndipo yankho linkafunika msanga.

Mphatso atafika, Luyando anafunsa osakweza n'komwe mutu. "Batate bako baliko?"

"Batate tinabaika kumanda pa Chitatu," anatero Mphatso.

Luyando anakweza maso, naona mpala uja, ndipo sanafunsenso china. Anamasulira kwa mayi wachizungu, mayiyo anagwada pafumbi n'kumukumbatira mwanayo. Iye mwini anapita pabelo kukasankha, nabwera ndi jekete yofiira yofika m'mawondo, ya chipewa chaubweya m'mphepete. Anamuveka, namukokera zipi mpaka pakhosi.

Mwanayo sananame. Anafunsidwa za atate, nayankha za atate amene anali pamtima pake sabata imeneyo. Ine ndinamva zonse ndili pabeseni langa, ndinadziwa pamene mawu asemphana, ndipo ndinatseka pakamwa panga. Amene akufuna kundiweruza abwere adzagone kaye pafupi ndi chifuwa chija mwezi wa Juni, tikambirane m'mawa.

Angelina atabwera kochapa n'kumva mmene jekete yabwerera, anayamba waseka, kenako kuseka kunamuthera pakhosi. Anati awa ndi malodza, munthu ali moyo sanenedwa kuti wafa, ndipo anayamba kumuvula mwanayo kuti akabweze dzuwa lisanalowe. A Edwell anaitana ali kuseri kwa katani kuti mwana abwere amuone kaye. Ndinamva Mphatso akuuzidwa kuti atembenuke, avale chipewa, aike manja m'matumba. Kenako a Edwell anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chigwereni padenga paja. Anati mkulu wawo Chrispin moyo wake wonse sanapatsepo munthu ngakhale sokosi, ndiye ngati waganiza zoveka mwana ali m'manda, asamukanize. Jekete inatsala. M'mawa mwake ndinadzuka n'kudabwa kuti chandidzutsa ndi tambala wa aneba, osati chifuwa cha Mphatso.

Mtendere umenewo sunakhalitse. A mishoni anali ndi kalasi ya ana amasiye Loweruka lililonse, yoimba nyimbo ndi kumwa phala, ndipo Mphatso anabwerako tsiku lina ndi uthenga. Abusa ndi alendo aja adzayendera nyumba za ana onse amene analandira majekete, kudzapemphera ndi amayi amasiye ndi kujambula zithunzi zotumiza kwa opereka. Kwa a Edwell adzafika Lachinayi masana.

Aliyense pamdadada wathu anakumbukira za mayi wina wa kukomboni ya John Howard chaka chapitacho. Iye uja ananamadi, anapha mwamuna wake ndi pakamwa mwamunayo ali kumowa, ndipo zitadziwika zovala zinavulidwa pa ana, mayiyo n'kuimikidwa kutsogolo kwa mpingo kuti alape. Angelina sankaopa kwambiri kuimikidwa. Ankaopa kuona mwana wake akuvulidwa jekete ija kuzizira kusanathe, Julayi yense akadali kutsogolo. Ndinamufunsa ngati sizingatheke kungopita kukafotokoza kuti mawu ndiwo anasemphana. Anandiyang'ana ngati ndine mwana. Masabata anali atadutsa, mwana wadya phala la amasiye, bulangeti lafundidwa, ndani akanakhulupirira kuti kunali kusamvana chabe?

Tinaganiza zowasamutsira a Edwell kuchipinda kwanga tsiku limenelo. Ndinayala bedi langa, ndinapempha amuna awiri a pamdadada kuti adzathandize kunyamula. Koma a Edwell anakana kwamtuwagalu. Anati zilonda za kumsana sizilola, ndipo ngakhale zikanalola, iwo satuluka m'nyumba mwawo mobisidwa ngati katundu wakuba. Adzagona phee kuseri kwa katani mpaka alendo atapita. Kugona phee, anatero, ndiyo ntchito yokhayo imene akuidziwa bwino masiku ano.

Ndiye Angelina anandipatsa ine udindo. Ndidzakhale pansi, msana utatsamira katani, ngati mnansi wobwera kudzatonthoza. A Edwell akatsokomola, ine nditsokomole mokweza kuposa iwo. Ndakhala ndikupemphedwa zinthu zambiri pa Chawama, mchere, makala, kusunga ana, kusambitsa maliro, koma kutsokomolera munthu kanali koyamba. Aneba ena sitinawauze kanthu ndipo sanafunse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo pamdadada uja chitseko chilichonse chili ndi katani yakeyake.

Lachinayi Angelina sanapite kochapa. Anakankhira sowo ndi hamala pansi pa bedi, anachotsa chipewa cha a Edwell pamsomali, namanga duku lakuda lija la pamaliro a a Chrispin. Mphatso anaphunzitsidwa mobwerezabwereza: akafunsa za atate, unene za atate a ku Kalikiliki, kuti ankayendetsa minibasi, anadwala, anamwalira. Ukatero sunaname. Mwanayo ankangogwedeza mutu, atavala jekete yake ngakhale munali m'nyumba.

Anafika atatu. Abusa Bwembya, munthu wamkulu thupi, nsapato zawo zopolishidwa zitasanduka zofiira ndi fumbi lathu, anawerama kuti alowe pakhomo. Pambuyo pawo Luyando ndi mayi wachizungu uja, atanyamula paketi ya shuga ndi sopo. Ndikanakonda akanakhala anthu oipa, nkhaniyi ikanandipepukira kuinena. Koma abusa anakana mpando n'kuupereka kwa Angelina, mayi wachizungu anakhala pamphasa miyendo yake yokalamba ikulira, ndipo onse anamuyang'ana Mphatso ndi chikondi chenicheni. Zimenezi zinandipweteka kuposa mwano.

Abusa anapemphera nthawi yaitali. Anapempha Mulungu akhale mwamuna wa nyumba imeneyi, popeza mwamuna wake wachotsedwa. Anapempha kuti mwana asadzamve kusowa kwa bambo. Angelina ankayankha ameni ndi mawu ochokera kutali. Ine msana wanga unali utagunda chitsulo cha bedi kudzera m'katani, ndipo ndinkamva mpweya wa munthu amene akumupemphererayo ukulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono, mosamala, ngati wakuba.

Pemphero litatha tinaganiza kuti tapulumuka. Koma mayi wachizungu anagwira dzanja la Mphatso nalankhula motsitsa, ndipo Luyando anamasulira kuti akufuna kumva chimene mwanayo amakumbukira kwambiri za atate ake. Angelina anamuyang'ana mwana wake kuti akumbuke za minibasi.

Mphatso anayang'ana pansi, akukanda mphasa ndi chala. Kenako anayamba kulankhula, ndipo mawu oyamba okha anandiuza kuti sitikupita ku Kalikiliki. Anati atate ankamunyamula pamapewa kupita naye kunjanji kukaona sitima ikudutsa, iye n'kumawerenga mabogi ali pamwamba kuposa anthu onse. Anati ankabwera kuntchito akununkhira matabwa, m'thumba muli tizidutswa tomupangira timipando ta chidole. Anati ankayenda mofulumira kwambiri, moti popita kutchalitchi iye ankachita kuthamanga kuti awapeze, iwo n'kumanamizira kuti sakumuona.

"Manje?" anafunsa Luyando mofatsa.

"Manje kulibe wonipeleka ku njanji," anatero Mphatso. "Nimabayewa."

Ankatanthauza kuti amawasowa, ndipo apanso mwanayo sananame. Analira monga mwana amalirira munthu amene anapitadi, mapewa akugwedezeka m'jekete. Mayi wachizungu analira asanamve n'komwe kumasulira. Angelina anabisa nkhope m'chitenje.

Kuseri kwanga bedi linayamba kunjenjemera. Kenako kunatuluka mawu, ndipo sichinali chifuwa. Ndinatsokomola. Ndinatsokomola mpaka misozi, ndikudziguguda pamtima, abusa mpaka anandiyang'ana modandaula. Koma kulira kwa mwamuna wamkulu amene wakhala akukumeza chaka chathunthu sikubisika ndi chifuwa cha mayi wogulitsa zitumbuwa. Poyesa kutseka pakamwa ndi dzanja, a Edwell anagunda kapu yachitsulo imene inali pamutu pa bedi. Inagwa, inagubuduka kudutsa pansi pa katani, n'kukaima pansapato ya abusa.

Abusa anafunsa ngati m'nyumbamo muli munthu wina. Luyando anaimirira, anandilambalala, nakokera katani kumbali.

A Edwell anali chigonere, ataonda, ndevu zosameta zitanyowa, bulangeti lakale litaphimba miyendo imene inali itatsala mafupa. Fungo la chipinda cha wodwala, limene Angelina analimbana nalo m'mawa wonse ndi sopo, linatuluka kudzatipeza. Luyando anayang'ana nkhope ili pabediyo, nayang'ana ya mwana. Chipumi chimodzi, mpata wa mano umodzi. Munthu wakhungu yekha ndiye akanafunsa, koma abusa anali kumbali ya kuwala kwa pakhomo, ndipo anafunsa.

"Aba ni bandani, mayi?"

Ine ndinayang'ana Mphatso. Anali atasiya kulira. Manja ake onse awiri anali atagwira zipi ya jekete pakhosi, zolimba, ngati pali kale munthu amene akuikoka. A Edwell nawonso anali kuyang'ana manja omwewo. Anapukuta nkhope ndi ngodya ya bulangeti, nakonza pakhosi.

"Ndine mulongo wao wa aba mayi," anatero. "Bamalume bake ba mwana. Munikhululukile, abusa, nalila mulamu wanga. Vamene akamba mwana ni vazoona. Enze muntu wolimba uja, wogwila nchito."

Ndinadikira kuti denga litigwere, kapena Angelina akuwe, koma palibe chinachitika. Abusa anapuma mozama n'kugwedeza mutu. Anamudzudzula Angelina mwachikondi kuti matenda si chinthu chochititsa manyazi, wodwala sabisidwa kuseri kwa nsalu alendo a Mulungu akabwera. Anamuyamikira kuti ngakhale ali wamasiye akusamalira mlongo wake wolumala, pamene ena amataya abale awo kuchipatala. Kenako anagwada pambali pa bedi, nauza Mphatso kuti agwire dzanja la amalume ake, napemphereranso nthawi yaitali. Mwanayo anagwira ndi dzanja limodzi, linalo silinachoke pazipi.

Anajambula chithunzi: mayi wa duku lakuda, mlongo wake pabedi, mwana wa jekete yofiira pakati. Mayi wachizungu ananena kuti nyumba iyi yamukhudza kuposa zonse zimene wayendera. Kudzera mwa Luyando analonjeza kuti Mphatso akhala m'gulu la ana amene mishoni idzawaveka chaka ndi chaka, yunifomu, nsapato, jekete ina iyi ikadzachepa, ndipo abusa azibwera mwezi uliwonse kudzaona wodwala. Angelina anathokoza atagwada, poti n'zimene munthu amachita akapatsidwa.

Potuluka Luyando anatsalira pang'ono pakhomo. Anandiyang'ana ine, nayang'ana katani, ndipo ndinaona kuti mtsikanayo akudziwa zonse. Anangoti jekete ikumukhala bwino mwanayo, n'kutsatira anzake.

Phokoso la galimoto litazimiririka, Angelina anavula duku lija n'kuliponya pakona, nakhala pansi miyendo ili tambalale ngati wochokera kumanda. A Edwell ndiwo anayamba kulankhula. Anati tisadandaule, kwawo ku Ntcheu mwini ana ndi malume, bambo ndi mlendo wongobwera kudzabereka, ndiye lero akwezedwa paudindo. Anadikira kuti tiseke. Palibe anaseka, ndipo ine ndinatola kapu ija n'kupita kwanga.

Zotsatira ndinazimvera pamwamba pa khoma. A Edwell anali ataganiza kale zonse, poti munthu wogona chagada tsiku lonse ali ndi nthawi yoganiza. Abusa azibwera mwezi ndi mwezi. Mwana azipita kwa anthu aja Loweruka lililonse, azifunsidwa za amalume ake odwala. Lilime la mwana ndi loterera, likazolowera mawu ena m'nyumba lidzawatulutsa panja. Ndiye kuyambira tsiku limenelo, anatero, m'nyumba muno mulibe atate, kaya pali alendo kaya palibe.

"Mufuna kumupaya mutima mwana?" anafunsa Angelina.

"Chifuba chizamupaya musanga kupambana mutima," anayankha a Edwell.

Kenako anakweza mawu kuti adutse khoma, podziwa kuti ndikumva. Anati amake Mwenya, nanunso za "batate bake Mphatso" popereka moni m'mawa zithe. Zaka zonsezi ndinkawaitana choncho. Ndinafuna kuyankha kuti dzina limenelo sanandipatse ndi iwo, linabwera ndi mwana, koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwana wodwalayo sanali wanga.

Masiku otsatirawo ndi amene sindifuna kuwakumbukira. Mphatso poyamba anakana. Anayesa kuzemba, osawatchula dzina lililonse, kumangoti "imwe". A Edwell anamulola masiku angapo, kenako anaumitsa. Mwana akaiwala n'kunena kuti atate, iwo ankakhala chete ngati mulibe munthu. Ndinkamumva ataima pambali pa bedi ndi madzi, Angelina atapita ku Kamwala. "Batate, manzi." Chete. "Batate." Chete. Munthu wa ludzu, milomo itauma, madzi ali pafupi ndi nkhope yake, koma osatambasula dzanja. Mpaka kamawu kaja kankatuluka konyowa ndi misozi, kakukoka mawu enawo ngati thumba lolemera, ndipo pamenepo a Edwell ankati zikomo n'kumwa.

Ndinakwiya nawo, ndisabise. Tsiku lina ndinalowa osagogoda n'kuwauza kuti akuchita nkhanza, kuti palibe jekete padziko lapansi imene ili yoyenera zimenezi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa kuti kodi chaka chino mwana wapita kangati kukiliniki, ndipo chaka chatha anapita kangati. Anandifunsa ngati ndikudziwa wina amene adzamugulire nsapato akadzafika giredi seveni, poti iwo padenga sakweranso. Anati bambo ndi amene amaveka mwana, ndipo njira yomuvekera imene yawatsalira ndi imeneyi yokha. Mkwiyo wanga unasowa pogwera. A mishoni sanalakwe, anapereka zimene anatumidwa kwa amene anauzidwa. Mwana sanalakwe. Ndinatuluka n'kukakalipira mphaka wa aneba amene sanandichite kanthu.

Abusa Bwembya anasunga lonjezo. Anabwera mu Julayi, anabweranso mu Ogasiti, nthawi zonse ndi kanthu m'manja, ndipo ankakhala pambali pa bedi kucheza ndi "bamalume" za mpira ndi za mitengo ya ufa. Angelina ankamanga duku lakuda m'mawa wa tsikulo n'kulivula madzulo. Mphatso sanaphonyepo ngakhale kamodzi pamaso pa alendo, ngakhale kuti mawuwo ankawatulutsa akuyang'ana pansi. Chifuwa chake nyengo yozizira imeneyo chinangolira masiku owerengeka.

Chakumapeto kwa Ogasiti, mphepo yafumbi itayamba, ndinali m'chipinda mwanga masana ndikukanda ufa wa zitumbuwa za mawa. Ndinamva mapazi akuthamanga kuchokera kumsewu, chitseko cha a Edwell chikumenyetsedwa kukhoma, chikwama chikugwera pansi. Anali Mphatso akuweruka kusukulu, ndipo mawu ake anali odzaza chimwemwe ngati kale.

"Bamalume! Bamalume, onani, dzino langa lachoka!"

Panalibe mlendo. Panalibe womukumbutsa. Mawuwo anatuluka okha, opepuka, osapunthwa paliponse, monga mmene mwana amaitanira munthu amene wakhala akumuitana choncho chibadwire. Manja anga anaima mu ufa.

Kenako a Edwell anati awaonetse. Anayamikira dzinolo, anamuuza kuti akaliponye padenga kuti limere lina, ndipo mwanayo anatuluka akudumphadumpha kukaitana anzake kuti adzaone.

Ndinasamba m'manja, ndinathira tiyi m'kapu, ndinaika zitumbuwa ziwiri pambale n'kupita. Katani inali yotsegula theka. A Edwell anali atatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo sanacheuke nditalowa, ngakhale anadziwa mapazi anga.

"Mwamvela?" anafunsa. "Aphunzila. Ni wanzelu uyu mwana."

Ndinaima pamenepo ndi mbale m'manja. Ndinafuna kuwaitana kuti atembenuke amwe tiyi asanazizire, koma ndinapeza kuti nanenso ndilibe dzina lowaitanira. Panja ana ankakuwa, akukangana kuti dzino lagwera pamalata kapena kuseri kwa nyumba. Ndinaika tiyi pampando, ndinakoka katani, ndipo ndinabwerera ku ufa wanga.